Chilolezo cha makolo sichikulitsa mwana

Kuno ku Mangochi ambiri amakhulupirirabe kuti mtsikana akatuluka ku chinamwali cha nsondo, makolo n'kuvomera, ukwati wake ndi wololedwa. Si zoona ayi. Kale malamulo aakulu a dziko ankalolezadi wa zaka 15 kukwatiwa makolo akalola. Mpata umenewo Nyumba ya Malamulo inautseka mu 2017, omenyera ufulu wa atsikana monga Memory Banda atalimbikira kwa zaka.

Lero mnyamata akhoza kubwera kuchokera ku Joni ndi foni ndi mabulangete, ankhoswe n'kugwirizana, shehe kapena abusa n'kudalitsa, koma ngati mwanayo sanakwanitse zaka 18, lamulo silikuona ukwati pamenepo. Zimandiwawa kuona wa sitandade 7 atasiya makope chifukwa cha bulangete. Ngakhale atatenga pakati, ndondomeko ya boma yomwe inayamba mu 1993 imamulola kubwerera kusukulu akachira.