Zoti ananena zinachitikadi si umboni, abale anga

Ndatopa nayo nkhaniyi ndipo lero ndiyankhula mosapsatira. Nthawi iliyonse ndikafunsa mkhristu kuti wadziwa bwanji kuti mneneri amene akumutchula papayo ndi wa Mulungu, yankho limakhala lomwelo: "Abusa, komatu anatchula dzina la amayi anga, anatchula ndi mudzi wakwathu, zimene ananena zinachitikadi." Basi. Munthu wobatizidwa kalekale, Baibulo ali nalo m'nyumba ndi mufoni momwe, koma muyeso wake ndi umenewo.

Kodi Deuteronomo 13 tinawerengapo? Mose akunena za mneneri amene wapereka chizindikiro ndipo chizindikirocho chachitikadi, sichinalephere ayi, koma kenako akukokera anthu kwa milungu ina, ndipo lamulo ndi loti musamumvere. Amatsenga a Farao nawonso anasandutsa ndodo zawo njoka. Ku Filipi kunali mtsikana wa mzimu wolosera amene ankapezetsa ndalama ambuye ake, zimene ankakuwa pambuyo pa Paulo zinali zoona ndithu, komabe Paulo anautulutsa mzimuwo. Ndipo pa Mateyu 7 Yesu mwini akuti kudzakhala anthu amene ananenera ndi kutulutsa ziwanda m'dzina lake, iye adzawauza kuti sanawadziwepo. Ndiye chozizwitsa pachokha chikukuuzani chani? Komanso masiku ano kudziwa dzina la amayi anu sikufuna mzimu uliwonse, maashala amacheza nanu pamzere, mumalemba fomu yokaonana ndi mneneriyo pa nokha, Facebook yanu ili poyera.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi nkhani ya mayi wina pa mpingo umene ndinkatumikira. Ankayimba kwaya ya amayi, ankagulitsa kaunjika, wamphamvu zake, ana akuwalipirira fizi yekha. Anali pa ma ARV kwa zaka ndithu ndipo sankabisa kwa ine. Mnzake anamutengera ku mapemphero a usiku wonse kwa mneneri wina, anamupempherera, anamugulitsa kabotolo ka mafuta, nkumuuza kuti akayezetse. Tsono zinangochitika kuti inali nthawi yake ya viral load, yoyezetsa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, zotsatira zinabwera zoti kachilombo sikakuoneka m'magazi. Mneneriyo anamuimika kutsogolo, pepala m'manja, mpingo wonse nthungululu, kenako anamuuza kuti kupitiriza kumwa mankhwala ndi kunyoza Mulungu amene wamuchiritsa.

Abale, aliyense wa kuchipatala akuuzani kuti kachilombo kusaoneka pa viral load ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, akapanikiza, koma kadakali m'thupi. Mukasiya kamayambanso kuchulukana pa masabata ochepa chabe, ndipo kumwa modukizadukiza kungachititse kuti mankhwala omwewo asadzagwirenso bwino. Zimene mneneriyo anatenga ngati umboni wa mafuta ake zinali zipatso za kumwa mankhwala mokhulupirika. Mayiyu anasiya osauza munthu. Pamene tinkadziwa anali atawonda, chifuwa chosatha, mutu wosapola, ndipo ngakhale pamenepo anayamba wabwerera kwa mneneri yemweyo kukapereka ndalama zimene amati mbewu m'malo mopita kuchipatala. Tinamutengera kuchipatala mochedwa. Tinamuika m'manda, ana anagawidwa kwa achibale.

Ndipo mawu amene anachokera kwa mneneriyo anali oti mayiyu anakayika, chikhulupiriro chake chinachepa. Mawu amenewa ndiye amandiwawa kuposa zonse, chifukwa ndi msampha wopanda potulukira: ukachira ulemu ndi wake, ukafa mlandu ndi wako. Mukamva munthu akuphunzitsa chonchi thawani, musadikirenso chizindikiro china.

Yesu pochiritsa akhate khumi aja pa Luka 17 anawauza kuti akadzionetse kwa ansembe, amene pa nthawi imeneyo anali ndi udindo woyang'ana khate monga mwa Levitiko 14. Sanaope kuti ntchito yake ikapimidwe ndi ena. Luka mwini wolemba nkhaniyi anali dokotala, Paulo akumutchula choncho pa Akolose 4:14. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, ndimapempherera odwala, koma wochiritsidwa ndi Mulungu saopa dokotala, ndipo amene anakuyambitsani mankhwala ndi yemweyo ayenera kunena za kusiya, osati munthu wa maikolofoni.

Za ndalama sindichulutsa, nonse mukudziwa. Simoni wa ku Samariya anafuna kugula mphamvu ya Mzimu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti awonongeke nazo pamodzi. Elisa anakana mphatso za Namani, Gehazi anazithamangira nkutenga khate. Chopereka ndi chakhumi si vuto. Vuto ndi pamene pemphero lili ndi mtengo wake, mzere wa olipira zambiri ndi wina wa olipira zochepa, madzi, mafuta, masitika, nambala ya foni yotumizira mbewu ikuyenda pansi pa sikirini ulaliki usanayambe nkomwe. 2 Petro 2:3 inanena kale kuti chifukwa cha dyera adzakudyerani masuku pamutu ndi mawu opeka.

Muyeso umene ine ndimaudalira kwambiri ndi uwu: kodi munthuyu amalola kufunsidwa? Mukangofunsa amathamangira Salimo 105:15, musakhudze odzozedwa anga. Werengani salimo lonselo, likunena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo pamene anali anthu ochepa oyendayenda pakati pa mafumu achilendo, silikunena za mtsogoleri amene sakufuna kuonetsa mabuku a ndalama za mpingo. Anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11 ankafufuza m'malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo ankanena zinali zoona, Paulo weniweniyo, ndipo Baibulo likuwayamikira. Paulo yemweyo anadzudzula Petro pamaso ku Antiokeya. Ndiye papa wanuyo ndi ndani kuti asafunsidwe? Ali ndi akulu ampingo amene angamuimitse akalakwa, kapena komiti yonse ndi mkazi wake ndi alamu ake? Ndipo mukamvetsera maulaliki ake mwezi wathunthu, mtanda wa Khristu, kulapa ndi chikhululukiro mumazimva kangati poyerekeza ndi dzina lake, galimoto ndi adani anu? Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Za adanizi ndiimepo pang'ono. Chiphunzitso chilichonse chimene chikukuuzani kuti mavuto anu onse ndi agogo anu kumudzi kapena azakhali anu, ndi choopsa. Kuno ku Malawi nkhalamba zamenyedwa, zina kuphedwa kumene, chifukwa wina anaziloza chala kuti ndi mfiti. Ndipo kukudanitsani ndi abale anu kuli ndi cholinga chake, mukatsala nokha palibenso wokuuzani kuti mwasochera.

Musaganize kuti zimayamba ndi zoopsa. Ku Shakahola, dziko la Kenya, mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu otsatira mlaliki Paul Mackenzie, amene anauzidwa kusala kudya mpaka kufa kuti akakumane ndi Yesu, ana ambiri ali momwemo. Zaka za m'mbuyo mwake iye ankaphunzitsa kale kuti sukulu ndi chipatala ndi zoipa, ndipo anthu ankangoti ndi kulimba kwa uthenga. Ku Kanungu, Uganda, mu Marichi 2000 anthu mazanamazana anapsera m'tchalitchi cha gulu limene linalosera kutha kwa dziko. Ku South Africa mneneri Lethebo Rabalago ankapopera anthu Doom kumaso mu 2016, khoti linamupeza wolakwa mu 2018. Anthu amenewa sanali opusa kuposa ife, ambiri anali odwala, osowa ntchito, ofuna mwana, ndipo anapeza wina wowalonjeza yankho lachangu.

Ngati inu kapena m'bale wanu wasiya ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a BP kapena a khunyu chifukwa cha mawu a mneneri, musadikire Lamulungu, musadikire kuti muyambe mwaonana ndi abusa, pitani kuchipatala lero ndi kabuku kanu ndipo mukanene zoona za tsiku limene munasiya, chifukwa adokotala akufunika kudziwa zimenezo kuti akuthandizeni bwino. Ngati mukuchita manyazi kapena mukuopa temberero limene anakuopsezani nalo, uzani mkulu wa mpingo kapena mnzanu amene mumamukhulupirira akuperekezeni.