Matenda a m'maganizo: zimene timaona m'mafilimu ndi zimene zimachitika m'makomo mwathu

Uthenga wa zaumoyo kwa anthu a ku Mulanje ndi Thyolo

Lowani mu vidiyo sho pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Luchenza madzulo, kapena suzumirani pa foni ya mnyamata amene wangoikitsa mafilimu mu memori khadi. Simutha mafilimu ambiri musanakumane ndi "wamisala". Mumamudziwa asanayankhule n'komwe: sanza thupi lonse, tsitsi lanyankhalala, akutoleza zakudya kudzala, akuseka yekha, kenako akuthamangitsa amayi pamsika ndi chibonga. Womasulira uja amathirapo nthabwala, ana okhala pa mabenchi akutsogolo n'kufa nalo phwete. Chomwe chinamupengetsa chimadziwikiratu: analodzedwa ndi mayi womupeza, kapena anakhwimira chuma n'kuphwanya chizimba. Kumapeto abusa amamupempherera, iye n'kugwa pansi, n'kudzuka ali bwinobwino akufunsa kuti, "Kodi ndili kuti kuno?"

Kuonera filimu si tchimo. Chodetsa nkhawa n'chakuti ambiri mwa ife chithunzi chimenechi ndi chokhacho chimene tili nacho m'mutu. Matenda akalowa m'nyumba mwakachetechete sitiwazindikira, chifukwa wodwalayo akusamba, akuvala, sakugenda munthu. Timadikira mpaka zinthu zitafika poipa.

Odwala ambiri sangalozedwe pamsewu

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 aliwonse padziko lapansi anali ndi matenda a m'maganizo. Ambiri mwa iwo vuto lawo ndi nkhawa yopyola muyeso kapena matenda okhumudwa, amene kwathu kuno timangoti "akuganiza kwambiri". Anthuwa amadzuka m'mamawa kukathyola tiyi, amapalasa kabaza, amagulitsa nanazi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu, ena amaphunzitsa ana athu.

Taganizirani za mayi amene wachira miyezi iwiri yapitayo. Mwana ndi wathanzi, kusikelo akukwera bwino. Koma mayiyo tulo sakupeza ngakhale mwana atagona. Nsima akungoitsina n'kukankhira mbale kumbali. Akakhala pakhonde amangoyang'ana malo amodzi, misozi ili chuchuchu, mukamufunsa amati, "Palibe, mutu chabe." Mumtima akudziona ngati mayi wachabechabe. Apongozi akuti ndi ulesi, bambo akuti ndi mwano. Awa ndi matenda okhumudwa, ndipo amagwira amayi oposa mmodzi mwa 10 aliwonse oyembekezera kapena amene angochira kumene. Opanga mafilimu sakonda kuonetsa mayi wotere chifukwa palibe choseketsa kapena choopsa, komatu ndi amene tili naye pakhomo.

N'chimodzimodzi ndi anthu amene anapulumuka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Alipo amene mpaka lero mitambo ikangoda pa phiri la Mulanje mtima umagunda kwambiri, thukuta kamukamu, usiku akulota matope ndi miyala zikutsika. Si mantha achibwana ayi. Ndi bala la m'maganizo, ndipo thandizo lake lilipo.

Nanga amene amamva mawu omwe ena sakuwamva?

Matenda amene mafilimu amakonda kutengera ndi amene achipatala amawatcha schizophrenia. Amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 300, ndipo kawirikawiri amayamba pa unyamata kapena m'zaka za m'ma 20. Sayamba ndi kuvula zovala. Amabwera pang'onopang'ono: mnyamata amene ankakhoza kusukulu ayamba kudzitsekera m'gowelo, kuleka kusamba, kukayikira kuti ndiwo zathiridwa mankhwala, kuyankha mawu amene ena sakuwamva. Kwa iye mawuwo ndi enieni, ndipo nthawi zambiri amamunyoza kapena kumuopseza. Choncho kumuseka kapena kukangana naye kuti "palibe akuyankhula" sikuthandiza. Ndi bwino kumuuza modekha kuti, "Ine sindikuwamva, koma ndikuona kuti akukusautsa. Tiye tikaonane ndi adokotala."

Ngakhale mafilimu opangidwa mosamala amakometsera. Filimu ya ku America ya mu 2001, A Beautiful Mind, inafotokoza moyo wa John Nash, katswiri wa masamu amene anadwala matendawa koma n'kudzalandira mphoto ya Nobel mu 1994. Mufilimumo amaona anthu amene kulibe, pamene mwini wakeyo kwenikweni ankamva mawu. Koma chimodzi filimuyi inalondola: munthu wodwala chonchi amakhalabe munthu wanzeru zake, wabanja lake, wantchito yake.

Bodza limene lapweteketsa anthu kwambiri ndi lakuti wodwala aliyense ndi woopsa. Odwala ambiri savulaza munthu. M'malo mwake ndi iwo amene amagendedwa ndi ana, kumenyedwa, kulandidwa munda, ndipo amayi ena amagwiriridwa popanda wowayankhulira. Wodwala akalusa, kawirikawiri amakhala kuti wagwidwa ndi mantha, wazunguliridwa ndi chigulu, kapena wamwa mowa. Chepetsani anthu, chotsani zikwanje ndi makasu pafupi, ayankhule naye munthu mmodzi amene iye amamukhulupirira. Kumumanga ndi unyolo pamtengo kumasiya zilonda m'manja ndi m'miyendo, ndipo kumamuchotsera chikhulupiriro mwa abale ake omwe.

Chimayambitsa n'chiyani

Palibe chifukwa chimodzi. Ena amakhala ndi chiopsezo chakumtundu. Ena zimayamba chifukwa cha nkhanza, imfa ya wokondedwa, ngongole za katapila, kutha kwa banja kapena kwa ntchito. Chamba chimakulitsa chiopsezo, makamaka kwa amene ayamba kusuta ali aang'ono. Kachasu nayenso amawononga ubongo, ndipo chidakwa chikasiya mowa mwadzidzidzi chimatha kunjenjemera, kukomoka ndi kuona zinthu zomwe palibe.

Apa mvetsetsani bwino. Munthu amene dzulo anali bwinobwino, lero wayamba kubwebweta, sakuzindikira anthu, thupi latentha kapena khosi lauma, musataye nthawi kufufuza amene wamulodza. Akhoza kukhala malungo a muubongo, matenda oumitsa khosi, kutsika kwa shuga m'thupi kapena matenda ena obwera chifukwa cha HIV. Amenewa amapha m'masiku ochepa. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Khunyu nalonso si misala, si ziwanda, ndipo silipatsirana kudzera m'malovu kapena pomugwira munthu. Wagwa? Muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mugonekeni chammbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Pafupifupi anthu 7 mwa 10 aliwonse a khunyu akhoza kuleka kugwa akamamwa mankhwala oyenera.

Kuchira sikuchitika m'mphindi imodzi

Mufilimu munthu amachira nyimbo isanathe. Kuchipatala zimatenga nthawi. Mankhwala a matenda okhumudwa monga amitriptyline ndi fluoxetine amayamba kuonetsa mphamvu pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo amamwedwa miyezi ingapo ngakhale munthu atayamba kupeza bwino. Kwa amene akumva mawu kuli chlorpromazine, haloperidol ndi ena, komanso jakisoni wa pamwezi kwa amene kumwa mapiritsi tsiku ndi tsiku kumawavuta. Nthawi zina mankhwalawa amagonetsa, amaumitsa thupi, amanjenjemeretsa manja kapena kutulutsa dovu. Zikatero musasiye panokha, bwererani mukanene, chifukwa adokotala angathe kuchepetsa mlingo, kusintha mankhwala kapena kuwonjezera ena othetsa vutolo. Ambiri amene matenda amawayambiranso amakhala kuti analeka mankhwala atangoona kuti ali bwino. Komanso si onse ofunika mapiritsi: ena amathandizidwa ndi uphungu.

Pemphero limalimbikitsa mtima, ndipo palibe wachipatala amene angakuletseni. Koma wina akakuuzani kuti mutaye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, kanani. Pempherani uku mukumwa.

Kopita

Ambiri akamva za matendawa amangoganiza za chipatala cha Zomba Mental, n'kuchita mantha. Zoona zake n'zakuti odwala ambiri safunika kugonekedwa. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena chipatala chaching'ono chapafupi. Iwo angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo, kumene mungaonane ndi ogwira ntchito ophunzira za matenda a m'maganizo. Zikafunika, amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Zomba. Tengani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa, ndipo mupite ndi wachibale amene waona mmene zinayambira.

Wina akanena kuti "bola kungofa" kapena "mundisamalire anawa", musaganize kuti akungoopseza. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumupatsa maganizo amenewo, m'malo mwake ambiri amapepukidwa mtima kuti wina wawamvetsera. Musamusiye yekha, bisani mankhwala a mbewu ndi a makoswe amene ali m'nyumba, ndipo mupite naye kuchipatala lero lomwe, ngakhale kukhale kuti kwada.