Diso la namondwe likatsekeka, musafulumire kunena kuti watha

Namondwe akangobadwa pa nyanja, foni yanga sipuma. Anthu amanditumizira chithunzi chimodzimodzi, mitambo yopindana ngati nkhata, pakati pofiira kuti psuu, kenako funso. Ena amati, "Akatswiri, kodi chimenechi chikubwera kuno?" Amenewa ndilibe nawo vuto. Amene amandidwalitsa mutu ndi aja olemba kuti, "Taonani, chabalalika, ndiye tigone eti?" Ndalosera zanyengo zaka zambiri ndipo funso limeneli ndaliyankha mpaka malovu kuuma m'kamwa. Lero ndilemba, kuti wina akadzafunsanso ndidzangomulozera pano.

Chithunzi cha setilaiti chimaona denga la mitambo basi. Zimene zikuchitika pansi pa denga limenelo, kumene inu muli, sichiziona. Masetilaiti amene amatipatsa zithunzi zoyenda zija ali pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa equator, ndipo amazungulira mofanana ndi dziko, n'chifukwa chake amakhala ngati angoima malo amodzi. Africa, Ulaya ndi nyanja ya Indian Ocean zimayang'aniridwa ndi Meteosat, a bungwe la EUMETSAT. America ali ndi GOES, Japan ali ndi Himawari. Kuchokera kutali konseko, kadontho kamodzi ka chithunzi cha usiku cha Meteosat amene takhala tikugwiritsa ntchito zaka zonsezi ndi dera la makilomita 3 mbali iliyonse, ndipo mukamatalikira pansi penipeni pa setilaitiyo kadonthoko kamakulirakulira. Mudzi, dambo lake ndi phiri lake zimatha kulowa m'kadontho kamodzi. Ndiye munthu akamakokera chithunzi ndi zala ziwiri n'kumati pamwamba pa nyumba yake palibe mtambo, akungodzisangalatsa.

Mitundu ija ndiyo yasokoneza anthu ambiri. Kufiira si moto, si mphepo, si mvula. Usiku kulibe dzuwa loti liwalitse mitambo, choncho setilaiti imayeza kutentha kochokera pamwamba pa mtambo ndi chipangizo cha infrared. Mtambo ukatalika kwambiri, nsonga yake imazizira kwambiri, mpaka madigiri 70 kapena 80 pansi pa ziro. Manambala amenewa ndi amene munthu wina pa kompyuta amawapaka utoto kuti maso aone msanga, ndipo aliyense amasankha utoto wake. Pamene wina wapaka kufiira, wina amapaka kuda kapena kuyera. Ndinaonapo anthu awiri akulimbana pa gulu la WhatsApp, uyu akuti namondwe wakula, uyo akuti wachepa, chonsecho anali ndi chithunzi cha ola lomwelo chopakidwa mitundu yosiyana.

Inde, nthawi zambiri mtambo wozizira kwambiri umakhala wa mabingu ndi mvula yamphamvu. Koma palinso mitambo yopyapyala ya m'mwamba kwambiri, yonga nthenga, imene imazizira chimodzimodzi koma siigwetsa ngakhale dontho. Ndipo pali ina, imene ine ndimaiopa kuposa yonse: mitambo yotsika, yofundirapo, yodzaza chinyezi cha kunyanja, imene mphepo imaikankhira pa phiri usana ndi usiku. Pa chithunzi imaoneka yotuwa, yosachititsa mantha, mwinanso yabisika pansi pa ina. Pansi pake mvula imakhala ikungokhuthuka osalekeza, nthaka n'kumamwa mpaka kukhuta.

Za nthawi ndingonena mwachidule, chifukwa n'zomvetsa manyazi kuti tizibwerezabe. Meteosat akale amajambula mphindi 15 zilizonse, watsopano amene anaponyedwa mu Disembala 2022 amajambula mphindi 10 zilizonse. Chithunzi chimakalamba msanga kuposa nyuzipepala. Pakona pake pamalembedwa tsiku ndi ola, kawirikawiri mu nthawi yoyendera dziko lonse yotchedwa UTC, osati ya wotchi yanu. Chikafika kwa inu ngodya imeneyo itadulidwa, musachikhulupirire, ngakhale atatumiza ndi abusa.

Nkhani imene imandisowetsabe tulo ndi ya Freddy. Namondwe ameneyu anapatsidwa dzina kumayambiriro kwa Febuluwale 2023 kumpoto chakumadzulo kwa Australia, n'kuwoloka Indian Ocean yonse. Pa zithunzi anali wooneka bwino mochititsa mantha: wamng'ono, wozungulira bwinobwino, diso lake, paja pakati pake popanda mitambo, loyera mbee ngati loboola ndi msomali. Anagunda Madagascar pa 21 Febuluwale, n'kulowa Mozambique pa 24, ndipo ambiri anati basi kwatha. Sanathe. Anabwereranso pa nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, n'kumwanso mphamvu m'madzi ofunda, ndipo pa 11 Malichi anatulukiranso kumtunda pafupi ndi Quelimane. Bungwe la World Meteorological Organization linadzatsimikiza pambuyo pake kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo.

Tsiku lotsatira, pa 12 Malichi, mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi, munthu wophunzira bwino ndithu, ananditumizira zithunzi ziwiri. China chinali cha Freddy ali pa nyanja ndi diso lake lija. China chinali cha m'mawa umenewo: diso kulibe, nkhata yamasuka, mitambo yangoti mbwee ngati thonje lomwazika. Anandifunsa kuti, "Wafooka eti?" Ine ndinali pakati pa ntchito, mafoni akulira mbali zonse, ndipo ndinayankha mawu awiri okha: "Inde, wafooka."

Sindinaname. Mphepo inali itatsikadi, chifukwa namondwe amadya kutentha kwa nyanja, ndipo akafika kumtunda chakudya chimamuthera. Koma iye sankafunsa za mphepo. Ankafunsa ngati makolo ake, amene ankakhala m'munsi mwa phiri, anayenera kuchoka monga chenjezo linanenera kapena ayi. Anamva kuti "wafooka", anawauza kuti adikire aone. Anathawa usiku, matope atalowa kale pakhomo, atanyamula zimene anavala zokha. Iwo anapulumuka. Ena oyandikana nawo sanapezeke. Chimene chithunzi chija sichinathe kuonetsa n'chakuti namondwe wopanda diso uja anali atangoima, akukoka chinyezi cha kunyanja n'kumachithira pa mapiri a kum'mwera kwa Malawi masiku otsatizana, mpaka mapiri anagumuka. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dzikomo. Ndimabwerezabe mawu awiri aja m'mutu mwanga, ndipo kuyambira pamenepo sindinenanso kuti "wafooka" osawonjezera kuti chafooka n'chiyani. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Ife tinadala madzi ali m'njira.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera mayiko osauka okha. Mu Ogasiti 2017, namondwe Harvey atalowa ku Texas, ku America, anatsitsidwa msanga pa mndandanda wa mphamvu ya mphepo, koma anaima malo amodzi masiku angapo, ndipo malo ena kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,500. Manambala aja a 1 mpaka 5 amene mumawamva amayeza mphepo yokha. Sanena kanthu za kuchuluka kwa madzi, pamene madzi ndiwo amapha anthu ambiri pa anamondwe. Mbali inanso ilipo: mu Okutobala 2023, Otis anali mkuntho wamba kufupi ndi Mexico, ndipo patangotha pafupifupi tsiku limodzi anagunda Acapulco ali pa nambala 5. Amene anaona chithunzi cha dzulo lake n'kukhazika mtima pansi anadzidzimuka pakati pa usiku.

Ife sitilosera ndi chithunzi chimodzi, ndipo ndikanakonda anthu akanadziwa zimenezi. Mphamvu ya namondwe timaiyerekeza poona kaumbidwe ka mitambo, mwa njira imene Vernon Dvorak anakonza m'zaka za m'ma 1970, ndipo kuyerekeza ndi kuyerekeza ndithu. Ku Atlantic a ku America amatumiza ndege kulowa mkati mwa namondwe kukayeza. Kum'mwera chakumadzulo kwa Indian Ocean ndege zotere siziuluka mwachizolowezi, choncho likulu la Météo-France la pa chilumba cha La Réunion, limene lili ndi udindo wotsatira anamondwe a dera limeneli, limadalira kwambiri zam'mlengalenga. Pamwamba pa zithunzi timaphatikiza masetilaiti otsika, a pa makilomita pafupifupi 800, amene amadutsa malo amodzi mwina kawiri pa tsiku koma ali ndi zipangizo zoona kupyola denga la mitambo, zina zoyeza mphepo poona mmene nyanja yawindukira. Kenako pali zoyezera mvula za pansi, mabaluni, kuchuluka kwa madzi m'mitsinje, ndi makompyuta owerengera za mawa. Chenjezo limatuluka m'zonsezi pamodzi. Ndiye wina alitsutse ndi chithunzi chimodzi cha pa foni?

Apa ndi pamene ndifike kwa alosi a pa Facebook ndi TikTok, amene achuluka ngati bowa. Chida chawo chachikulu ndi mapu okongola a mizere yoyenda, onga a pa tsamba la zanyengo la Windy. Mizere imeneyo si chithunzi cha setilaiti, ndi zimene kompyuta ikuganiza kuti zichitika. Ya mawa ndi mkuja ndi yothandiza. Koma iwo amakankhira kutsogolo masiku 10 kapena kuposa, kumene kompyuta imabala anamondwe n'kuwapha m'mawa ndi madzulo, n'kujambula pamene pali chofiira kwambiri, n'kulemba dzina la mzinda wanu ndi zilembo zikuluzikulu. Tsiku lija likafika kunja kuli ngwee, iwo sapepesa, amangofufuta. Amene amalipira ndi ife, chifukwa munthu amene waopsezedwa pachabe katatu, chenjezo lenileni likabwera amangoti ndi zomwe zija.

Ena safuna n'komwe kuvutika, amangotola chithunzi chakale. Pali kanjira kowagwirira kosavuta. Kum'mwera kwa equator anamondwe amazungulira motsatira mivi ya wotchi, kumpoto amazungulira mobwerera. Kangapo konse ndalandira kanema woti ndi namondwe amene akulunjika ku Mozambique, chonsecho akuzungulira ngati wa ku Florida. Zithunzi zina zokongola kwambiri, zooneka m'mbali mpaka kupindika kwa dziko, zimajambulidwa ndi anthu a mu International Space Station, pa makilomita pafupifupi 400. N'zenizeni, koma zambiri zimene zimayendayenda n'za zaka zapitazo. Masiku ano kwabweranso zopangidwa ndi kompyuta, za namondwe wa maso awiri ndi mphezi mbali zonse. Zimenezo sindiyankha n'komwe.

Chinanso chimene ngakhale anthu anzeru amalakwitsa ndi mapu ovomerezeka aja a njira ya namondwe, okhala ndi chithunzi chonga fanulo yotambasuka. Fanuloyo ikuonetsa kumene pakati pa namondwe pangadutse, osati malire a ngozi. Mvula imagwa makilomita mazanamazana kunja kwake. Kukhala kunja kwa mzere si chikalata chokutetezani. Ndipo amene muli pa njira yake penipeni, mphepo ikaleka mwadzidzidzi kumwamba n'kuyera, musatuluke kukatola malata. Limenelo ndi diso, ndipo mphepo ibweranso kuchokera mbali ina.

Sindikunyoza masetilaiti. Chiyambire TIROS-1, setilaiti yoyamba kujambula bwino zanyengo, pa 1 Epulo 1960, namondwe sabisalanso pa nyanja monga ankachitira kale, pamene anthu ankamudziwa ndi ngalawa zimene sizinabwerere. Ngakhale poona nthaka, masetilaiti a Landsat akhala akujambula dziko kuyambira 1972, ndipo ndi zithunzi zotere zimene zinaonetsa dziko lonse mmene nyanja ya Aral, ya ku Asia, inaphwera. Koma nazonso zili ndi msampha wake. Landsat mmodzi amabwerera pa malo omwewo pakatha masiku 16, ndipo kukakhala mitambo tsiku limenelo ndiye kuti mwaphonya. Zimene mumaona pa Google Earth ndi zigamba zosokedwa pamodzi, zina za miyezi, zina za zaka zapitazo, zosankhidwa dala za masiku opanda mitambo. Munthu wina anandionetsa malo amene ankafuna kumangapo, akuti taonani pouma bwino, mtsinje uli kutali. Chinali chithunzi cha m'chilimwe. Ndinamuuza kuti akafunse okalamba a pamalopo kumene madzi anafika chaka cha chigumula.

Madzi osefukira amaoneka bwino ndi masetilaiti a radar, monga Sentinel-1 wa ku Ulaya, amene amapyoza mitambo usana ndi usiku. Namondwe Idai atagunda Beira ku Mozambique mu Malichi 2019, zithunzi zake zinaonetsa chigwa cha mtsinje wa Buzi chitasanduka nyanja, ndipo zinathandiza opulumutsa anthu kudziwa kolowera ndi maboti. Koma onani nthawi imene chithunzi chotere chimafika: madzi atabwera kale, anthu ali pa madenga ndi m'mitengo.

Choncho nthambi yoona zanyengo ya m'dziko lanu ikanena kuti okhala m'zigwa, m'mbali mwa mitsinje ndi m'munsi mwa mapiri achoke, chokani kukadali kowala, misewu ndi milatho zikadalipo. Musanditumizire chithunzi kuti ndikutsimikizireni kaye, chifukwa tsiku limenelo ndimakhala ndi mauthenga mazana ndipo mwina ndidzakuyankhani mochedwa, kapena mwachidule ngati mmene ndinamuyankhira mnzanga uja. Mvula ikagwa tsiku lachiwiri osakata, madzi a mumtsinje n'kusanduka matope okhaokha, kapena mukamva phiri likulindima, musatsegulenso foni kufuna kuona ngati pamwamba panu pali pofiira.