Mukaterereka n'kusutanso ndudu imodzi

Munthu akaganiza zosiya fodya, masiku oyamba amawakonzekera. Amadziwiratu kuti mutu uziwawa, azisowa tulo, ndipo kanthu kakang'ono kazimupsetsa mtima. N'zoonadi. Chikonga, chinthu cha mu fodya chimene chimabweretsa chibaba, sichikhalitsa m'magazi. Pakatha maola awiri okha theka lake limakhala litatha, ndiye thupi limene linazolowera kulandira china pafupipafupi limayamba kudandaula. Mavutowa amafika pachimake m'masiku atatu oyamba, kenako amatsika pang'onopang'ono m'milungu iwiri mpaka inayi. Ambiri amagonja m'sabata yoyamba yomweyi, ndipo sadabwa nazo kwenikweni. Ndudu imene imasweratu munthu mtima ndi ija imabwera pambuyo pake, atayamba kale kumva kukoma kwa ndiwo, chifuwa chitapepuka, a kunyumba atayamba kumuyamikira.

Tiyerekeze bambo amene watha milungu isanu osasuta, ndiye mlamu wake wamwalira. Usiku amayi akuimba m'nyumba ya siwa, amuna akhala panja mozungulira moto. Chakumadzulo bamboyu anasemphana mawu ndi akuchikazi pa nkhani ya ndalama ya bokosi, nsima sanadye bwino, ndipo chisanu cha mwezi wa June chalowa m'mafupa. Cha m'ma 2 koloko, mnzake amene wakhala pambali pake akuyatsa ndudu ndi chikuni, akukoka kawiri, n'kumupatsira osanena kanthu monga ankachitira zaka zonsezi. Dzanja lalandira mutu usanaganize.

Ndudu imeneyo payokha sifafaniza zonse zimene thupi lapindula m'milungu isanu. Choopsa kwambiri chili m'mawu amene bamboyu adziuze m'bandakucha: "Basi ndalephera. Ine ndi fodya mpaka kumanda. Poti ndasuta kale, ndingomaliza malirowa ndikusuta, ndidzayesanso mwezi wamawa." Katswiri wa za maganizo wa pa University of Washington ku Seattle, G. Alan Marlatt, anafotokoza bwino zimenezi m'zaka za m'ma 1980. Iye anasiyanitsa kuterereka kamodzi ndi kubwereratu ku chizolowezi, ndipo anaonetsa kuti chimene chimalumikiza ziwirizi nthawi zambiri ndi mmene munthu akumasulira zimene zamuchitikira. Amene wanena kuti "ndine munthu wopanda mphamvu" amagwidwa ndi manyazi, ndipo mankhwala a manyazi amene iye akuwadziwa ndi fodya yemweyo. Amene wanena kuti "ndinali ndi chisoni, ndinali ndi njala, ndinakhala pafupi ndi wosuta" ali ndi zinthu zitatu zimene angazikonze lero lomwe.

Pano ndisamveke molakwika, chifukwa ena akamva uphungu wotere amautenga ngati chilolezo. Kafukufuku amasonyeza mobwerezabwereza kuti anthu ambiri amene asutako kamodzi atasiya amathera kubwereratu. N'chifukwa chake alangizi othandiza anthu kusiya fodya ku Britain amaumirira lamulo lakuti tsiku losiya likadutsa, ngakhale kukoka kamodzi ayi. Inenso ndimaumirira lomwelo. Utsi ukalowa m'mapapo, chikonga chimafika ku ubongo m'masekondi 10 mpaka 20, ndipo ubongo umene unayamba kuiwala umakumbutsidwa mwamphamvu. Choncho musanasute khalani wouma mtima, musadzipatse mpata wa "imodzi yokha". Koma ngati zachitika kale, kudzilanga sikukuthandizani. Mphamvu zonse zipite ku maola amene akubwera.

M'maola amenewo, choyamba ndi kutaya zotsala. Ngati munagula zitatu n'kusuta imodzi, ziwirizo muzinyowetse ndi madzi, musazisunge m'thumba la jekete kapena kuseri kwa wailesi. Chokani pamalo pamene zachitikira, ngakhale kwa mphindi 15 zokha. Uzani munthu mmodzi tsiku lomwelo, chifukwa ndudu yobisa imaitana inzake. Musasankhe tsiku latsopano losiyira, la Lolemba kapena la pa 1. Tsiku lanu ndi lomwelo, ola lomwelo. Ngati mukugwiritsa ntchito mankhwala othandiza kusiya fodya, monga chingamu kapena zomata pakhungu za chikonga, musawasiye chifukwa choti mwasutako. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa, amataya chowathandiza pa nthawi imene akuchifunitsitsa. Ndipo masiku amene munakhala osasuta musawafufute m'mutu mwanu. Munawakhaladi, ndipo anakuphunzitsani zimene simunkazidziwa poyamba.

Kenako, mtima ukakhala pansi, bwererani m'mbuyo n'kufufuza. Anthu amakonda kunena kuti "zinangochitika", koma kawirikawiri zimakhala zitayamba kale. Katswiri wina wa za maganizo, Saul Shiffman wa pa University of Pittsburgh, ankapatsa anthu osiya fodya timakompyuta ta m'manja kuti azilemba mmene akumvera kangapo patsiku. Iye ndi anzake anapeza kuti kupanikizika kwa dzulo kapena kwa dzana sikunkalosera bwino za kuterereka. Chimene chinkaoneka ndi mkwiyo kapena kukhumudwa kumene kunkakwera m'maola ochepa ndudu isanayatsidwe. Ndimaikonda mfundo imeneyi chifukwa imapatsa munthu pogwira. Simungathetse ngongole ya kubanki m'khonde lero, simungachiritse mayi anu lero, koma mungazindikire kuti kuyambira 10 koloko m'mawa, pamene abwana anakukalipirani pamaso pa anzanu, nsagwada zalimba, mukuyankha anthu mwachidule, ndipo mapazi akulunjika okha ku okala. Pamenepo mpamene pali mpata wolowererapo, ndudu isanafike m'manja.

Marlatt anapezanso kuti malo oterera ambiri ali m'magulu ochepa: kumva kuwawa mumtima, kukangana ndi munthu, ndi kukakamizidwa ndi anzako. Pa zimenezi onjezani mowa, umene umafooketsa chisankho chilichonse chimene munapanga muli bwinobwino, komanso umamwedwa pamalo pamene ena akusuta. Ndimalangiza kuti mwezi woyamba mowa muupumire kaye. Chimwemwe nachonso chimatereretsa. Tsiku la malipiro, chinkhoswe, timu yanu ikawina, maganizo akuti "ndadziyesa mokwanira, ndidzithokozeko" amabwera mokoma kwambiri moti munthu sawakayikira.

Kwathu kuno kuli vuto lina lapadera. Ndudu zimagulitsidwa imodziimodzi pa okala, pa depoti, ngakhale pa benchi la wogulitsa maswiti ndi mayunitsi. Munthu safunika kuganiza zogula paketi yonse. Ndalama yachenji ya minibasi ikukwanira. Kumidzi ya alimi a fodya, ku Kasungu, Dowa kapena Mchinji, tsamba lili m'chigafa kuseri kwa nyumba, ndipo kupichira chingambwe sikulira ndalama. Dziko la Malawi linalowa m'pangano lochepetsa kusuta fodya la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2023, koma munthu amene akusiya lero akudutsabe pa okala yemweyo m'mawa ndi madzulo. Ndiye sinthani njira yopitira kuntchito ngati n'kotheka. Wogulitsa amene anakuzolowerani muuzeni maso ndi maso kuti mwasiya ndipo asakupatseni ngakhale pa ngongole. Pa maliro, pa bawo kapena pa mpira, sankhani pokhala musanakhale, ndipo mawu okanira muwakonzeretu: "Zikomo achimwene, ndinasiya." Musanene kuti "ndikuyesa kusiya", chifukwa mawu amenewo amapatsa mnzanu mpata wokunyengererani.

Funso limene limabwera nthawi zonse ndi lakuti, "Nanga poti fodya ndi amene amandikhazika mtima pansi?" Ndikumvetsa chifukwa chake zimamveka choncho. Wosuta akakhala maola angapo osasuta, chikonga chimatsika ndipo amayamba kusakhazikika. Akasuta, kusakhazikikako kumatha, ndipo ubongo umaphunzira kuti ndudu imachotsa nkhawa, chonsecho yachotsa nkhawa imene fodya yemweyo anabweretsa. Zikabwerezedwa kambirimbiri kwa zaka, nkhawa iliyonse, ya fizi, ya banja, ya matenda, imayamba kumveka ngati chibaba. Mu 2014 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa Gemma Taylor ndi anzake, amene anaphatikiza zotsatira za akafukufuku 26. Anapeza kuti anthu amene anasiya fodya anali ndi nkhawa, kukhumudwa ndi kupanikizika kocheperapo poyerekeza ndi amene anapitiriza kusuta. Milungu yoyamba imawawa, koma mtima umadzakhazikika kuposa kale.

Chibaba chikabwera chimaoneka ngati chizingokwera mpaka mutagonja. Sichitero. Chili ngati funde la pa nyanja nthawi ya mwera: limakwera, limafika pamwamba, limasweka, ndipo nthawi zambiri zonsezi zimatha m'mphindi zochepa. Ntchito yanu ndi kudutsa mphindi zimenezo. Tchulani chimene mukumva ndi dzina lake lenileni, "ndakwiya", "ndasungulumwa", "ndachita manyazi", chifukwa mukachitchula mumaona kuti ndudu siyankha funsolo. Pumani mozama, mpweya uzituluka pang'onopang'ono kuposa mmene unalowera. Imwani madzi. Yendani mwandawala mpaka pa mjigo n'kubwerera. Manja ndi pakamwa zipatseni ntchito: nzimbe, mtedza, chimanga chokazinga. Ndipo samalani njala ndi kutopa, chifukwa munthu amene sanadye nkhomaliro ndiponso sanagone bwino amakwiya msanga.

Pali kanthu kena kamene anthu ambiri sauzidwa. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuphwanya mofulumira kafeini, chinthu chothawitsa tulo cha mu khofi ndi tiyi. Mukasiya kusuta, khofi kapena tiyi wowirira amene munkamwa popanda vuto amakhalitsa m'thupi, mtima umagunda, manja amanjenjemera, tulo timathawa. Munthu amaganiza kuti ndi chibaba kapena nkhawa, n'kuthamangira ndudu. Chepetsani makapu, makamaka madzulo, muone kusintha.

Ngati mwaterereka kangapo pa chifukwa chimodzimodzi, musangowonjezera kulimba mtima, wonjezerani thandizo. Mu 2024 bungwe la WHO linatulutsa malangizo ake oyamba a chithandizo cha akuluakulu ofuna kusiya fodya, ndipo linavomereza mankhwala a chikonga olowa m'malo mwa ndudu, varenicline, bupropion ndi cytisine, pamodzi ndi uphungu. Mankhwala ndi uphungu zikaphatikizana, mwayi wosiyiratu umakwera kwambiri kuposa kulimbana nazo wekha. Funsani dokotala kapena wa ku famase zimene zikupezeka ndi zimene zikuyenerani. Mayi woyembekezera ndi munthu wodwala khunyu asayambe mankhwalawa asanaonane ndi dokotala. Kuyesanso kuli ndi phindu pa msinkhu uliwonse. Katswiri wa kafukufuku wa zaumoyo Richard Doll ndi anzake anatsatira madokotala a ku Britain kwa zaka 50, ndipo mu 2004 anaonetsa kuti kusiya uli ndi zaka 30 kumabweza pafupifupi zaka 10 za moyo, pa zaka 40 kumabweza 9, pa zaka 50 kumabweza 6, ndipo ngakhale pa zaka 60 kumabweza zitatu.

Kwa inu a pabanja, mawu anu a m'mawa wotsatira amalemera kwambiri. Mayi akanunkhiza malaya n'kunena kuti "ndinadziwa ine kuti simungathe", watsimikizira mwamuna wake zimene iye akudziuza kale. Zimathandiza kunena kuti, "Bambo, dzulo zinavuta. Chinachitika n'chiyani? Lero tichite bwanji?" Sikuti mukuchepetsa nkhaniyo. Mukumuthandiza kuti asabise, ndipo wosabisa ndi amene amabwerera msanga.

Pali nthawi imene nkhani imaposa chibaba. Ngati mwasiya fodya ndipo chisoni chikungokulirakulira kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, simukufuna kudzuka, chakudya sichikulowa, pitani kuchipatala mukafotokoze. Ngati mukuganiza zodzipha, pitani tsiku lomwelo, ndipo muuze wachibale akuperekezeni. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino a za matenda a maganizo, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza pa za maganizo ndi zizolowezi zovuta kusiya. Amene mukumwa kale mankhwala a matenda a maganizo monga clozapine kapena olanzapine, kapena theophylline wa mphumu, dziwitsani dokotala wanu mukasiya kusuta komanso mukayambiranso, chifukwa utsi wa fodya umasintha kuchuluka kwa mankhwalawa m'magazi ndipo mlingo wake ungafunike kuunikidwanso.