Yendani, Yezetsani BP, Ndipo Nkhawa Musazisunge Nokha

Uthenga uwu ndi wa akuluakulu onse okhala mu Mzuzu, makamaka inu amene tsiku lanu limathera pampando: mu ofesi, pabenchi la mumsika, m'golosale kapena pachiwongolero cha takisi. Makolo athu khasu, mtondo ndi ulendo wa kuchitsime zinkawakwanira kulimbitsa thupi. Ife a m'tauni tikadzuka timakwera kabaza kapena takisi kuchokera ku Luwinga, ku Chibavi kaya ku Katoto, kukakhala pansi mpaka dzuwa kupendeka. Masana ndi chipisi cha pachiwaya ndi chakumwa chotsekemera, madzulo kukweranso. Thupi losungidwa chotere limayamba kuwonongeka mwakachetechete, ndipo matenda amene amabwera kawirikawiri ndi shuga komanso kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timangoti BP.

BP siipweteka

Apa ndi pomwe anthu ambiri amanamizika. Amati, "Ine BP ikakwera ndimadziwa, mutu umandipweteka." Zoona zake n'zakuti munthu akhoza kukhala nayo zaka zambiri osamva kanthu. Nthawi yonseyo mtima umakhala ukupopa magazi movutikira m'mitsempha youma, ndipo impso, maso ndi ubongo zimakhala zikuwonongeka pang'onopang'ono. Ena amadziwa kuti anali ndi BP tsiku lomwe agwa n'kufa ziwalo mbali imodzi.

Njira yodziwira ndi imodzi yokha: kuyezetsa. Sabaya jekeseni, satenga magazi, ndipo sizitha mphindi zisanu. Muyeso ukamafika 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyanasiyana, ndiye kuti BP yanu ndi yokwera. Pitani ku chipatala cha Mapale kapena china chilichonse chomwe muli nacho pafupi, kamodzi pachaka ngakhale mukumva bwino. Ngati bambo, mayi kapena mbale wanu anadwalapo BP kapena shuga, musazengereze, ndipo pemphani kuti akuyezeninso shuga.

Kuyenda kwake kotani?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pasabata. Mukazigawa, ndi mphindi 30 patsiku kwa masiku asanu. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika ola lathunthu tsiku lililonse, choncho mwana akaweruka kusukulu mulekeni akamenye mpira kapena kusewera fulaye m'malo mogwira foni mpaka mdima.

Sikuyenda konyang'wa ayi. Muziyenda mwandawala, mpaka thupi litenthe ndi mpweya uyambe kuthamanga. Muyeso wake ndi uwu: muzitha kucheza ndi mnzanu, koma muzilephera kuimba nyimbo. Mzuzu watipatsa kale zitunda, sitifunika kulipira malo ochitira masewera. Tsikani takisi musanafike pomwe mumatsikira nthawi zonse, kotsalako mumalize wapansi. Ngati mphindi 30 zakukanikani nthawi imodzi, yendani 10 m'mawa, 10 masana, 10 madzulo, zonse zimawerengedwa. Amene simunazolowere yambani pang'ono, muziwonjezera sabata ndi sabata.

Chimene chimachitika m'thupi n'chosavuta kumva. Minofu ikamagwira ntchito imadya shuga wa m'magazi, mitsempha imafewa, mtima umalimba, ndipo usiku tulo timabwera msanga.

Ndikudziwa kuti kuno nyengo imagwetsa ulesi. Mu Juni ndi Julayi kuzizira kumalowa m'mafupa, ndipo mvula yathu siitha msanga. Valani juzi muziyenda dzuwa likatuluka, kapena chitirani m'nyumba: kukolopa, kulumpha chingwe, kuvina ndi ana, kunjuta n'kudzuka kangapo mutagwira mpando. Kunjutako, kulima padimba ndi kunyamula ndowa za madzi kumalimbitsa minofu, ndipo ntchito zotere zimafunika masiku awiri pasabata.

Inu opalasa kabaza ya njinga, onyamula matumba mumsika ndi amayi osenza katundu tsiku lonse, thupi mumaligwiritsa kale ntchito mokwanira. Chofunika kwa inu ndi kupuma, kumwa madzi ndi kuyezetsa, chifukwa BP imagwiranso anthu amphamvu ndi ochepa thupi.

Pali chizolowezi china chomwe chikutipweteka. Munthu akatuluka mimba timamuyamikira kuti zake zikuyenda, akachepako thupi timayamba kunong'onezana kuti kapena akudwala. Manong'onong'o amenewa alepheretsa anthu ambiri kuchepetsa thupi ngakhale adokotala atawauza. Mafuta ozungulira pamimba ndi amene amakokera munthu ku matenda a shuga. Mnzanu akayamba kuyenda n'kuphwa mimba, mulimbikitseni.

Pa mbale yanu

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, womwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuwerengera wonse: wa mundiwo, wa m'timibulu tokometsera ndiwo, wa pachipisi ndi wa mu nsomba zouma zothira mchere. Chotsani mchere patebulo. Chepetsani shuga mu tiyi pang'onopang'ono, lilime limazolowera. Mgaiwa umaposa ufa woyera, ndipo kaya ndi nsima kaya kondowole, chepetsani mitanda, muchulukitse nkhwani, mpiru, chisoso, bonongwe, nyemba ndi usipa. Fodya musiyeni.

Kuganiza kwambiri ndi matendanso

Lendi, fizi, ngongole ya banki m'khonde, katapila, mwana womaliza sukulu yemwe akungokhala pakhomo, maliro otsatizana: zonsezi zimalemera. Kudandaula kwa masiku ochepa aliyense kumamugwera. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kupitirira mtima uli wosweka pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, mukupewa anthu ndipo mukudziona ngati wopanda pake, amenewo ndi matenda a nkhawa. Si ulesi, si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo amachizika.

Abambo, apa ndikulankhula ndi inu makamaka. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, ndiye ambiri mavuto amakawatula pabotolo. Mowa umaiwalitsa usiku umodzi, m'mawa ngongole ili pomwepo, ndalama zachepa, BP yakwera. Mutu umodzi susenza denga. Uzani akazi anu, mbale wanu, abusa, ashehe kapena mnzanu wosunga chinsinsi. Kuno ku Mzuzu tili ndi a St John of God omwe ntchito yawo ndi yothandiza anthu ovutika m'maganizo ndi omwe mowa kapena chamba zawalowerera. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wachita misala. Ngati mwayamba kuganiza zodzipha, uzani munthu lero lomwe ndipo pitani naye limodzi kuchipatala. Inunso mbale wanu akatchula zoterezi musamuseke kapena kumukalipira. Khalani naye, musamusiye yekha, muperekezeni.

N'chifukwa chake ndimakonda kulangiza kuti poyenda paja muziyenda awiri. Nkhani zimene zimavuta kuyamba mutakhala moyang'anizana zimatuluka zokha mukamakwera chitunda limodzi, ndiponso tsiku lomwe mwagwa ulesi mnzanuyo amakugogoderani pachitseko. Usiku yesetsani kugona maola asanu ndi awiri, foni muiike patali ndi bedi.

Kwa amene muli kale pa mankhwala

Kuyenda ndi kudya bwino kumathandizana ndi mankhwala, sikulowa m'malo mwake. Mankhwala a BP kapena a shuga musasiye chifukwa choti mukumva bwino, ngakhale wina atakulonjezani zitsamba zochotseratu matendawa. Ngati muli ndi vuto la mtima kapena ndinu oyembekezera, funsani achipatala musanayambe masewera amphamvu. Odwala shuga muzivala nsapato zosathina ndipo muziyang'ana mapazi madzulo aliwonse, chifukwa kachilonda kakang'ono kamatha kukula musakumva.

Mukamayenda n'kumva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kosazolowereka, imani pomwepo mufune thandizo. Munthu akapindika pakamwa mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, kapena mawu akayamba kutuluka mosamveka, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko. Musamupatse chakudya kapena madzi, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto mupite naye ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chomwe chili pafupi nthawi yomweyo.