Kodi foni ikuwononga maselo athu?

Ine ntchito yanga ndi yojambula X-ray kuno ku Mzuzu, ndiye tsiku ndi tsiku ndimabisala kuseri kwa khoma la mtovu ndisanadine batani. Sabata yatha mayi ena ogulitsa nthochi aku Chibavi anabwera kudzajambulitsa pachifuwa, nditawauza kuti achotse zazitsulo zonse anatulutsa kafoni kawo kamabatani m'kamisolo, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti achimwene, anthu akuti foni imabweretsa khansa, zoona zimenezo?

Foni ndi makina a X-ray zonse zimatulutsa mafunde osaoneka ndi maso, koma mafundewa si amodzi ayi. A X-ray amene ine ndimathawa aja ali ndi mphamvu yothyola DNA, malangizo aja ali mkati mwa maselo, tizigawo ting'onoting'ono tomanga thupi lathu, ndipo DNA ikathyoka n'kulumikizika molakwika ndi pamene khansa imatha kuyambira. Mafunde a foni, a TNM kaya a Airtel, ndi achibale a mafunde a wailesi, ndipo kachidutswa kalikonse ka mphamvu yake n'kofooka kuposa ka kuwala kwa babu, sikangathyole DNA olo muyimbe tsiku lonse. Chomwe tikudziwa bwino kuti amachita ndi kutenthetsa pang'ono chabe madzi a m'maselo apafupi ndi khutu. N'chifukwa chake pali malire a mphamvu ya foni yololedwa kulowa m'thupi, yomwe muyeso wake umatchedwa SAR, ku Europe ndi mawati 2 pa kilogalamu ya thupi, ku America 1.6. Khutu likamatentha mukacheza nthawi yaitali, kwambiri ndi batire komanso kuti foniyo yatsekereza mpweya pakhungu.

Ndiye mantha anachokera kuti? Mu 2011 bungwe la IARC, nthambi yoona za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, yomwe ili ku Lyon m'dziko la France, linaika mafundewa mugulu la 2B, kutanthauza kuti mwina angayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa. China chomwe anayang'ana chinali kafukufuku wa Interphone wa m'mayiko 13, pomwe okhawo oyimba kwambiri ndi amene anaoneka ngati chiopsezo chawo cha chotupa cha muubongo chakwerako, koma vuto linali loti amafunsa odwala kuti akumbukire mmene ankayimbira zaka zapitazo, ndipo munthu amene wapezeka ndi chotupa kumanja sachedwa kukumbukira kuti foni ankaikanso kumanja. Mu 2018 pa kafukufuku wina ku America makoswe aamuna ena anapezeka ndi zotupa pamtima, koma ankawawomba mafunde thupi lonse maola 9 patsiku kwa zaka ziwiri. Kenako mu 2024 akatswiri amene WHO inawatuma anasanthula kafukufuku 63 ndipo sanapeze kuti foni ikuwonjezera khansa ya muubongo, ngakhale kwa amene ayigwiritsa ntchito zaka zoposa 10.

Ine umboni umenewu umandikhazika mtima pansi, komabe pali chinthu chimodzi ndimafuna anthu achidziwe. Foni imatulutsa mphamvu zambiri netiweki ikakhala yofooka chifukwa imakhala ikukuwa kuti tawala iyimve, ndiye mukakhala mu minibasi kudutsa ku Chikangawa kabala ka netiweki katsala kamodzi, pamenepo ndi pamene mutu wanu ukulandira zochuluka, pomwe amene ali pafupi ndi tawala ku Katoto foni yake imangonong'ona. Ambiri amaopa tawala koma kwa woyimba, kukhala nayo pafupi kumachepetsa zomwe foni ikutulutsa. Ngati muli ndi nkhawa ikani pa sipika kapena mahedifoni, kungoyitalikitsa pang'ono ndi khutu mphamvu yofika pathupi imatsika kwambiri.

Mayi aja ndinawauza kuti palibe umboni woti foni ya m'kamisolo imayambitsa khansa ya m'mawere, koma ngati mtima sukukhazikika aziyiika m'chikwama chawo cha ndalama. Kenako ndinawafunsa ngati amadzipimako okha mawere, anati ayi sanayambe, ndiye titamaliza kujambula ndinawaperekeza kwa anamwino kuti awaonetse kapimidwe kake.