Chaphuka msanga, chafota msanga: vuto la mbewu zobzala ndi mizu

Okutobala akafika, anthu amabwera kunazale ndi dandaulo limodzi: chitsamba chinaphuka bwinobwino, lero masamba ali lende. Kawirikawiri amakhala atabzala zidutswa za mizu ya mbewu zochokera kunja monga mtengo wa maluwa wa Pride of India wa ku Asia, chitsamba cha maluwa cha plumbago cha ku South Africa kapena gwafa. Ndikawafunsa chomwe achita chitafota, ambiri amati athirira kawiri. Pamenepo mpomwe chimafera.

Chidutswa cha muzu chimasiyana ndi nthambi yodula. Muli chakudya chomwe mtengo unasunga, ndipo chakudyacho chimatulutsa mphukira timizu tatsopano tomwera madzi tisanamere. Inu mukaona masamba obiriwira mumati chagwira, mukuchotsa pamthunzi nkukawokera pabwalo, chikhalirecho pansi palibe chokoka madzi. Masamba akutaya madzi, pansi sakulowa. Kwa ife a ku Ulongwe ndi Tsangano nyengo imatikhululukira pang'ono, koma ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, komwe kutentha kumapitirira madigiri 40 m'mwezi wa Okutobala, kamphukira kotere sikatha tsiku. Chubu chakuda chikakhala padzuwa chimaphikanso muzu womwewo.

Musanagwire kheni, pitani mukachione m'mamawa. Ngati chimafota masana nkudzuka usiku, chili moyo. Chibwezereni pansi pa chisakasa cha udzu, chotsani masamba akuluakulu angapo kapena kuwadula pakati, ndipo dikirani mpaka timizu toyera tioneke kumabowo a pansi pa chubu. Chizindikiro chowokerera ndi chimenecho, masamba asakunamizeni.

Koma ngati m'mawa chikadali chofota dothi lili lonyowa, pisani chala, fukulani pang'ono. Muzu wathanzi ndi wolimba, mkati mwake moyera. Mukaupeza wofewa, wakuda, wonunkha, khungu likusupuka lokha, ndiye kuti waola. Dothi la makande likadzadza madzi limatsekereza mpweya, ndipo matenda oolesa mizu amakonda malo otere. Muzu woola sumwa madzi, nchifukwa chake chomera chimaoneka chaludzu chili m'matope. Apa palibe mankhwala oti mutayirepo ndalama. Tayani chidutswacho pamodzi ndi dothi lake, tsukani chubu, muyambenso ndi mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi la pamwamba.

Zina zimaonekera pomwepo mukafukula. Chiswe chimadya muzu nkusiya dothi m'kati mwake, makamaka mukathira manyowa osapsa. Mphutsi zodula zimadula kamphukira pakhosi usiku. Feteleza wothira msanga amawotcha timizu tanthete, m'mphepete mwa masamba nkuuma. Ine sindithira chilichonse chisanagwire.

Nthawi zinanso vuto linayamba tsiku lodula. Sankhani muzu wonenepa ngati pensulo, wotalika masentimita 5 mpaka 10. Woonda kwambiri chakudya chimautherera panjira. Muzu umadziwa kumwamba ndi kunsi kwake: mphukira imatulukira mbali yomwe inali pafupi ndi tsinde. Choncho mbali imeneyo dulani mowongoka, inayo mopendeketsa, kuti musazondotse pobzala. Mukasokonezeka, ugonekeni chogona nkukwirira ndi dothi la sentimita imodzi kapena awiri. Nthawi yabwino yodula ndi Juni ndi Julayi, mitengo ikamapuma, kuti dzuwa la Okutobala lidzapeze mizu itakhazikika.

Kumbukiraninso kufunsa mwini mtengo ngati ndi womezanitsa musanakumbe. Muzu wa mtengo womezanitsa umabereka mtengo wa pansiwo, osati wa pamwamba womwe munasirira zipatso zake. Ndaonapo munthu akusamala mbande zotere zaka zitatu, nkudzakolola timapichesi tolimba ngati miyala.